Mamita Makumi Awiri

Kalata za boma zimabwera mu envelopu yakhaki.
Ndimazidziwa ndi kagwedwe kake pakhomo:
sizigwa ngati zinzake,
zimagwa ngati mlendo wobwera ndi chikwama chogonera.

Iyi inati malamulo asintha,
tikuyeseninso, Mayi Eirlys Probert,
tione ngati mukadali wolumala.
Ngati kuti mitsempha yanga inamvera nkhani pa wailesi
n'kuganiza zoyamba khalidwe.

Fomu yake, masamba osatha.
Mumatha kusenda mbatata? Kumanga mabatani?
Kudzipukuta nokha kuchimbudzi?
Zimene sindinamuuzepo malemu Idwal
zaka zonse tinafunda bulangete limodzi
ndinazipanikiza m'timabokosi ndi inki yakuda.

Tsiku lokayesedwa ku Newport ndinadzuka folo koloko.
Kusamba kokha, ola ndi theka pampando wapulasitiki.
Ndinavala juzi yobiriwira ya pa ukwati wa Sioned,
ndinapaka milomo,
poti amayi ankati kwa akuluakulu
sumapita ngati wothawa moto.

Mnyamatayo sanali woipa, ayi.
Anali ndi chimfine.
Maso ake anali pa kompyuta, zala zikuthamanga
ngati mvula ya pamalata.

Lipoti linabwera patatha milungu isanu ndi umodzi:
Anali waukhondo. Anamwetulira.
Ananyamula yekha kapu ya madzi.
Anayenda kuchoka pachitseko kufika pampando.

Juzi yanga inandipereka.
Ulemu wanga unakandichitira umboni.
Masiku atatu otsatira, makatani otseka,
ndikubweza ngongole ya ulendo umenewo
ndi miyendo yoyaka ngati yaponda makala,
amenewo sanapeze kabokosi.

Dilwyn wa nyumba yoyandikana,
amene makutu ake anatsala ku fakitale ya zitsulo,
anatuluka ndi tepi yoyezera.
Tiwaone mamita makumi awiri akunenawa!
Anakoka, anakoka, nakaima
pa mzati wa getsi wokodzerapo agalu.
Ndi pano, mayi.
Siteji ya basi ili kuseri kwa tchalitchi.
Sitolo ya mankhwala ili kumunsi kwa phiri.
Kwaya ya Lachiwiri ili kutsidya kwa chigwa.
Koma ukafika pa mzati, akuti wafika padziko lonse.

Galimoto anabwera kudzaitenga mu Febuluwale.
Ndinachotsamo maswiti, ambulera,
magalasi a Idwal amene ndinkati anatayika.
Pamsewu panatsala malo ouma a ngodya zinayi.
Pofika masana mvula inali itawafufuta.

Farida wa ku ofesi ya malangizo akuti tichite apilo.
Musamanene kuti ndimayesetsa, akutero.
Musamanene kuti masiku ena ndi abwinoko.
Awuzeni za tsiku loipitsitsa.

Mwanawe,
zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndakhala ndikuphunzira kuyankha kuti ndili bwino, kaya inu.
Ndinamanga nyumba pamwamba pa tsiku limenelo,
ndinayalapo kapeti, ndinaikapo maluwa.
Lero ndikumbe, ndilifukule,
ndilisenze mpaka pamaso pa anthu atatu a m'khoti
kuti alinunkhize, avomereze kuti lawoladi?

Ndidzakumba. Ndilibe kuchitira mwina.
Mbaula ya magetsi ndimayatsa ola limodzi,
ndipo ndaphunzira kuti thumba la tiyi limafulidwa katatu.
Uno ndi mwezi wachisanu ndi chinayi tikudikira tsiku.

Usiku wina, kukada bwino,
ndimatenga ndodo zanga n'kutuluka.
Ndimasankha mdima chifukwa makatani a mumsewu muno
anaphunzira kuwerenga mapazi a anthu.
Ndimafika pa mzati. Ndimaugwira.
Ndi wozizira, ukunjenjemera pang'ono ndi magetsi,
ngati ine.
Kumunsiko Tredegar akuyaka, windo ndi windo,
ndipo sindidziwa ndi angati akumvetsera pakhomo
kagwedwe ka envelopu.

Kenako ndimatembenuka.
Nyumba ili apo, chitseko chili pululu,
ndipo pakati pathu pagona mamita ena makumi awiri,
obwerera,
amene palibe anawawerenga.